MASO A MNZAKO SI AKO: KUPITIRIRA BWINO POYENDA PAGULU PA NJINGA ZAMOTO

Phunziro la Mwezi Uno

Kaŵirikaŵiri pa tsamba lino timaphunzira za matenda amene amadza ndi madzi oipa, udzudzu ndi ntchentche. Mwezi uno tikambirana za mliri wina umene ulibe katemera, ndiwo ngozi za njinga zamoto. Mwina wina afunsa kuti, kodi woyendera zaukhondo nkhani zapamsewu zamuyamba liti? Yankho lake n'lapafupi. Ntchito yathu ndiyo kutseka njira zimene imfa ndi kulumala zimaloŵera m'mudzi, ndipo masiku ano imodzi mwa njira zimenezi ndi msewu.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization, m'lipoti lake la chaka cha 2023, lidanena kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka chilichonse pa ngozi zapamsewu. Lidanenanso kuti ngozizi ndizo zikupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 koposa nthenda ina iliyonse. Ameneŵa ndi anthu amene makolo awo adawapulumutsa ku chikuku ndi malungo, nawalera mpaka kukula.

Kale mthuthuthu unkaoneka ndi alangizi azaulimi ndi ansembe basi. Lero njinga yamoto ya kabaza ndiyo imafikitsa mayi kusikelo, wodwala kuchipatala ndi thumba la chimanga kuchigayo. Ndi chinthu chothandiza, ndipo sitikuti muisiye. Tikuti tiphunzire kuyenda nayo, makamaka pamene njinga zili zambiri paulendo umodzi, monga pamaliro, paukwati, tsiku la msika, kapena popita kukaonera mpira ku Kamuzu Stadium.

ZIMENE NDIDAONA NDI MASO ANGA

Ine ndimakhala ku Nkolokosa, m'munsi mwa phiri la Soche, mumzinda wa Blantyre. Tsiku lina m'dera mwathu mudagwa maliro a mnyamata wina wakabaza amene adadwala nthaŵi yochepa. Kwawo kunali ku Thyolo, ndipo monga mwa mwambo wawo, anzake apasiteji adamperekeza onse. Njinga zisanu ndi zitatu zidatsogola, ife achinansi tili pambuyo m'galimoto.

Titapitirira Limbe, tikuloŵera ku Bvumbwe, tidapeza lole yonyamula njerwa ikukwera mtunda mwapang'onopang'ono. Wotsogolera gulu adaipitirira bwinobwino. Wachiŵiri chimodzimodzi. Wachitatu adasuzumira kutsogolo naona kuti sikukubwera kanthu, adayang'ana pagalasi lake osaonapo munthu, ndipo adapatukira kumanja. Koma wachinayi, amene adatopa n'kudikira, anali atatuluka kale pamzere kuti apitirire mnzakeyo pamodzi ndi lole, ndipo pa nthaŵiyo anali atafika papheŵa pake penipeni. Mahandulo adakolana, onse nagwa. Mayi wina amene adakwera kumbuyo kwa wachitatu adathyoka fupa la ntchafu. Wachinayi, amene analibe chipeŵa choteteza mutu, adagona masiku ambiri ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth asakuzindikira anthu. Tidanyamuka ndi maliro amodzi, koma tidatsala pang'ono kubwerera ndi ena.

Palibe amene adamwa moŵa tsikulo. Msewu unali wouma, dzuŵa likuŵala, ndipo kutsogolo sikunkabwera galimoto. Nditapita kukamzonda wachitatu uja, adandigwira dzanja nati, "Bambo, ndikulumbira, ndinayang'ana pagalasi, panalibe munthu." Mnyamatayo sadaname. Pagalasi panalibedi munthu. Phunziro lathu lonse lagona pamenepa.

MALO OBISIKA

Galasi la njinga limaonetsa zimene zili kumbuyo. Maso amaona zimene zili kutsogolo ndi pang'ono za m'mbali. Koma pakati pa ziŵirizi, kuseri kwa pheŵa lamanja ndi kuseri kwa pheŵa lamanzere, pali malo amene galasi silifikako, maso nawonso safikako. Malo ameneŵa tiwatche malo obisika. Si malo aang'ono ayi. Mutha kubisala njinga yathunthu ndi anthu ake aŵiri, ngakhalenso galimoto yaing'ono.

Musangokhulupirira mawu anga, yesani nokha. Imikani njinga pabwalo, mukhalepo, muyang'ane kutsogolo. Mnzanu aime kumbuyo pamene mukumuona pagalasi, kenaka ayende pang'onopang'ono kudzera kumanja kwanu, motalikira mapazi atatu kapena anayi. Mudzaona kuti wazimirira pagalasi, koma m'maso mwanu sadatulukire. Muuzeni aime pomwepo ndipo mutembenuke. Mudzadabwa kuona kuti ali pafupi nanu chotere.

Mankhwala a malo obisika ndi amodzi okha: kucheuka. Musanapatukire kumanja kapena kumanzere, musanakhote, musananyamuke pamene mudaima, tembenuzani mutu mpaka chibwano chiloze papheŵa, muone, ndipo mubwezere maso kutsogolo msanga. Kucheukaku kukhale kwa kamphindi chabe, pakuti njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Chotero musacheuke pamene mwafupikira kwambiri galimoto imene ili patsogolo panu. Yambani mwasiya mpata.

Ena amati chipeŵa chimawatchinga kuona m'mbali, motero amachikoloŵeka pahandulo. Uku n'kudzinamiza. Bungwe lija la zaumoyo likuti chipeŵa chabwino, chomangidwa bwino pachibwano, chimachepetsa mwayi wa imfa pangozi koposa kasanu ndi kamodzi. Chipeŵa chikhale kumutu, khosi ndilo ligwire ntchito.

Magalasi nawonso asamalidwe. Akhale aŵiri, opukutidwa, ndi olunjikitsidwa kotero kuti chigongono chanu chikungooneka kumapeto, mbali yaikulu ikuonetsa msewu. Anyamata ena amachotsa magalasi kuti njinga ioneke yokongola, ena amamanga mtolo wotambalala umene umatseka galasi lonse. Woteroyo ali ngati munthu wodzimanga nsalu kumaso ali pakati pa msika.

INUNSO MUMABISIKA KWA ENA

Monga momwe mnzanu amabisikira kwa inu, inunso mumabisika kwa oyendetsa magalimoto. Galimoto ikakula, malo ake obisika amakulanso. Taganizani za malole aatali ochokera kuchipata cha Mwanza, a shuga amene amakwera mapiri a Chikwawa kuchokera ku Nchalo, ndi a tiyi ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje. Dalaivala wa lole yotere saona chimene chili kumbuyo kwenikweni kwa ngolo yake, saona chimene chili pansi pa mphuno ya galimoto yake, ndipo mbali yake yakumanzere amaiona movutikira kwambiri, popeza iye kaŵirikaŵiri amakhala kumanja.

Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: ngati inu simukuona nkhope ya dalaivala pagalasi la galimoto yake, dziŵani kuti iyenso sakukuonani.

Dziŵaninso kuti lole yaitali ikafuna kukhotera kumanzere, imayamba yataya mutu wake kumanja kuti matayala akumbuyo apeze malo. Wanjinga wosadziŵa amaona ngati ampatsa mpata, naloŵa kumanzere, ndipo ngolo imamtsekera. Minibasi nayo ili ndi khalidwe lake. Aliyense amene adayendapo pa msewu wa Masauko Chipembere, pakati pa Blantyre ndi Limbe, akudziŵa kuti minibasi imapatukira kumanzere mwadzidzidzi ikaona munthu woimika, ndipo imabwereranso mumsewu mwadzidzidzi. Kutsogolo kwa minibasi yoima kumatulukira anthu owoloka, makamaka ana. Ipitirireni mwapang'onopang'ono ndi moitalikira.

KUPITIRIRA KUMADYA MSEWU WAUTALI

Ambiri amaganiza kuti kupitirira ndi chinthu cha kamphindi. Tiyeni tiŵerengere pamodzi. Tinene kuti lole ndi yaitali mamita 20 ndipo ikuyenda makilomita 40 pa ola. Inu mukuyenda makilomita 60 pa ola. Mwayambira mamita 20 kumbuyo kwake, ndipo mufuna kubwerera kumanzere mutaisiya mamita 20. Ndiye kuti muyenera kuiposa ndi mamita 60. Kuti zimenezi zitheke papita masekondi ngati 11, ndipo inu mukhala mutayenda mamita ngati 180 kumbali ya anthu ena. M'masekondi omwewo, galimoto yochokera kutsogolo pa liŵiro la makilomita 80 pa ola ikhala itayenda mamita ngati 240. Tikaphatikiza, mufunika kuona msewu wopanda kanthu wa mamita oposa 400, ndiwo mabwalo anayi a mpira olumikizidwa. Ngati mwanyamula munthu ndi katundu, ndipo pali chitunda, msewu wofunikawo utalikirapo.

Tsono taonani chimene chimachitika pagulu. Woyamba adaona mpata womkwanira iye, naugwiritsa ntchito wonse. Wachiŵiri, amene akungotsata nyali yakumbuyo ya mnzake, afika pakati pa lole mpata uja utatha kale. Kumanzere kuli lole, kutsogolo kukubwera basi, alibe kothaŵira. Mpata wa woyamba ndi wa woyamba yekha. Maso a mnzako si ako.

Pali zinanso zimene zimasokoneza nzeru pagulu: mantha akuti anzanga andisiya, manyazi akuti anditcha wamantha, mtima wampikisano, ndi phokoso la mahutala limene limatseka makutu kotero kuti galimoto yobwera kumbuyo simveka. Munthu amene ali yekha amayenda mofatsa, pagulu amachita zimene sakadachita.

NDONDOMEKO YA KUPITIRIRA

Kuno ku Malaŵi timayenda kumanzere ndipo timapitirira kumanja. Tsatani ndondomeko iyi nthaŵi zonse, osadumphapo ngakhale chimodzi:

1. Dzifunseni ngati kupitirirako n'kofunikadi. Ngati mukhota posachedwa, khalani pambuyo.
2. Siyani mpata pakati pa inu ndi galimotoyo kuti muone kutsogolo bwino. Womata kumbuyo kwa lole saona kanthu.
3. Onani kutsogolo ndi maso anuanu, mutsimikize kuti msewu uli wopanda kanthu mtunda wautali.
4. Yang'anani pagalasi.
5. Yatsani nyali yosonyeza kuti mukupatukira kumanja, kapena tambasulani dzanja lamanja.
6. Cheukani papheŵa lamanja. Ngati pali munthu, dikirani.
7. Pitirirani mosazengereza, motalikira galimotoyo, osachedwa m'mbali mwake.
8. Mukaona kutsogolo kwake konse pagalasi lanu, sonyezani, cheukani papheŵa lamanzere, ndipo bwererani kumbali yanu.

Musapitirire pokhota, pamwamba pa chitunda, pamlatho, pamphambano, powolokera anthu, pafupi ndi sukulu kapena msika, pamene pali mzere woyera wosadukiza pakati pa msewu, ndiponso pamene fumbi, chifunga kapena mvula zikutchinga. Dalaivala akakukodolani kuti dutsani, mthokozeni, koma onanibe nokha. Ngati mtima ukukayika, musapitirire. Kuthamanga sikufika.

MALAMULO A PAGULU

Akuluakulu adati nkhanga zidapangana kusanapse. Gulu lililonse liyambe lakhala pansi lisananyamuke, ndipo ligwirizane izi:

Sankhani wotsogolera ndi wotsekera kumbuyo. Onse aŵiri akhale anthu okhwima nzeru ndi odziŵa msewu. Amene angophunzira kumene akhale pafupi ndi wotsogolera, ndipo liŵiro la gulu likhale limene iwo angalithe.

Gulu lisakule. Njinga zikapitirira zisanu kapena zisanu ndi imodzi, gaŵanani magulu aŵiri, ndipo pakati pa maguluwo pakhale mpata woti galimoto ina n'kuloŵapo.

Panganani malo odikirana, monga pa Bvumbwe popita ku Thyolo, pa Lunzu popita ku Zalewa, kapena pa Namadzi popita ku Zomba. Munthu amene akudziŵa kuti anzake amdikira sathamanga mwamantha.

Aliyense asunge malo ake. M'gulu mulibe kupitirirana, ndipo njinga ziŵiri zisayende pheŵa ndi pheŵa. Pa msewu wabwino ndi wowongoka, yendani monga momwe mapazi a munthu amaonekera pamchenga: woyamba chakumanja kwa mbali yanu, wachiŵiri kumbuyo kwake chakumanzere, wachitatu chakumanjanso. Potero aliyense amaona kutsogolo ndipo ali ndi kozembera. Koma pokhota, pa msewu wopapatiza, wamaenje kapena wafumbi, ndandalikani mzere umodzi.

Sungani mpata wa masekondi aŵiri pakati pa inu ndi amene mwalunjikana naye kutsogolo. Njira yoyesera ndi iyi: mnzanuyo akadutsa mtengo kapena chikwangwani, nenani mosafulumira kuti, "Moni bambo, muli bwanji?" Mukafika pamtengopo musanamalize mawuwo, mwafupikira kwambiri. Kukagwa mvula, kapena madzi akakokolera mchenga pa tara monga zimachitikira m'misewu ya m'munsi mwa Soche, nenani mawuwo kaŵiri.

Pitirirani mmodzimmodzi. Wachiŵiri asatuluke mpaka woyamba atabwerera kumanzere, ndipo atsate ndondomeko yonse ngati kuti ali yekha pamsewu. Amene wapitirira asachepetse liŵiro pamaso pa lole, koma apite patsogolo kuti mnzake adzapeze poloŵa.

KWA INU OKWERA KUMBUYO

Ambiri mwa inu amene mukuŵerenga kapena kumvetsera phunziroli pa benchi ya chipatala simuyendetsa njinga, koma mumakwera. Moyo umene uli pampando wakumbuyo ndi wanu, motero muli ndi mawu. Musanakwere onani ngati njinga ili ndi magalasi aŵiri ndi chipeŵa chanu. Mukamva fungo la moŵa, funani wina. Mpando wa njinga ndi wa anthu aŵiri. Kukwera atatu kapena anayi kumalepheretsa woyendetsa ngakhale kucheuka komwe.

Khalani molunjika, mugwiritse, ndipo musagwedezeke pamene njinga ikupitirira. Amayi, kulungani bwino chitenje kuti chisaloŵe m'tayala kapena m'tcheni. Katundu wanu kapena ambulera zisatseke galasi. Musamfulumizitse woyendetsa, ngakhale mwachedwa kusikelo. Mukaona kuti akupikisana ndi anzake, muuzeni mwaulemu koma molimba kuti, "Achimwene, chepetsani, apo ayi nditsitseni." Kuli bwino kutaya ndalama ya ulendo kusiyana ndi kutaya mwendo. Amayi oyembekezera akonzekere msanga kukadikirira kuchipatala, kuti asadzathamangitsidwe pa njinga usiku matenda atayamba.

NGOZI IKACHITIKA

Choyamba, imikani anthu mbali zonse ziŵiri za msewu kuti achenjeze magalimoto, kuopa kuti ngozi ingabale inzake. Wovulala musamdzutse mokoka manja. Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena wakomoka, mutu ndi khosi zisagwedezeke, ndipo pomnyamula mukhale anthu angapo, agone pa chinthu cholimba monga chitseko. Chipeŵa musamvule pokhapokha ngati akulephera kupuma. Pamene pakutuluka magazi panikizanipo ndi nsalu yoyera. Pabala musathirepo dothi, mafuta a njinga kapena mankhwala azitsamba, pakuti zotere zimaitana kafumbata ndi mafinya. Chiŵalo chothyoka chimangirireni ku thabwa kapena ndodo monga momwe chiliri, osachiwongola. Musampatse madzi kapena chakudya. Pitani naye kuchipatala msanga ndipo dziŵitsani apolisi.

Amene wamenyetsa mutu akaonedwe ndi achipatala ngakhale atadzuka n'kumayenda. Ngati m'maola kapena masiku otsatira ayamba kusanza, kuwodzera kosalekeza, kusokonezeka, kukomoka, kumva mutu kuŵaŵa koopsa, kapena kutuluka magazi kapena madzi m'khutu ndi m'mphuno, bwererani naye kuchipatala nthaŵi yomweyo, pakuti magazi angakhale akutayikira m'kati mwa mutu.

Kumbukiraninso kuti lamulo la zapamsewu la dziko lino, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1997, limafuna kuti njinga yamoto ikhale yolembetsedwa, ikhale ndi inshuwalansi, woyendetsa akhale ndi laisensi, ndipo iye pamodzi ndi wokwera avale zipeŵa. Zimenezi si zokondweretsa apolisi. Ndi zoteteza mabanja athu.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi malo obisika ali pati, ndipo tingawaone bwanji?
2. N'chifukwa chiyani wachiŵiri sayenera kutsata woyamba popitirira lole?
3. Tchulani malo asanu amene sitiyenera kupitirirapo.
4. Pa nkhani ya ulendo wa ku Thyolo ija, kodi wachitatu adaiŵala chiyani? Nanga wachinayi adalakwa chiyani?
5. Kodi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi mwanu ingathandizane bwanji ndi anyamata apasiteji?

Tikupempha alangizi azaumoyo, mafumu ndi atsogoleri a masiteji a kabaza kuti aŵerengere anthu awo phunziroli, ndipo ayese pamodzi pabwalo chiyeso chija cha malo obisika. Mayi uja wa ku Nkolokosa akuyenda tsopano, koma motsimphina, ndipo dengu la tomato limene ankapita nalo kumsika wa Limbe salisenzanso. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

KUMBUKIRANI: Galasi, chizindikiro, cheukani. Pitirirani mmodzimmodzi. Kupeŵa kumaposa kuchiza.